Kachomera ka Nangozo

Nangozo anali mkazi wa achimwene anga aTimoteyo, ndipo ndinene poyera kuti poyamba sindinkamukonda. Anali wachete mopitirira. Ine pakamwa panga sipauma, ndiye munthu woti ukamulalatira amangomwetulira ankandipsetsa mtima.

Achimwenewo ankanyamula katundu wa ku mishoni. Ankatsika mapiri athu a Dedza ano mpaka kuchigwa cha Shire, kotentha kuja, n'kubwerako atasenza mabokosi. Ulendo wina anzawo anabweretsera akazi awo mchere ndi nsalu, iwo anabwera ndi kachitini. M'menemo munali kachomera ka masamba atatu, otambalala ngati chikhatho, obiriwira, a timizere tofiira. Anati anakapempha pakhonde pa mwini sitolo wina. Ndinafunsa ngati kamadyedwa. Ayi. Kamachiza chiyani? Palibe. Nanga ntchito yake? Akuti kungokaona basi. Ha! Munthu wamkulu kuyenda masabata atatu atafukata tsamba loti tizingoliyang'ana!

Nangozo anakalandira ndi manja awiri. Anakachotsa m'chitini muja n'kukabzala mumphika wong'aluka pansi, woti madzi azidontha. Dothi la kudimba analikana, akuti limagwirana kwambiri. Anapita yekha kunkhalango ya Chongoni kukakumba lakuda, la pansi pa masamba owola. Tsiku loyamba anakaika padzuwa, masamba awiri n'kupsa m'mphepete. Atakabisa kuseri kwa mtsuko, kanayamba kutuwa. Mapeto ake anaboola khoma la nyumba, kabowo kolowa nkhonya, chakum'mawa, kuti kuwala kuzifika pang'ono. Mudzi wonse unabwera kudzaona nyumba yoboola dala.

Kwathu kuno mwezi wa Juni kumazizira zoti zala zimakana kugwira khasu. Kachomera ka kotentha sikakanapirira. Nangozo ankakasendeza kufupi ndi moto, osati pafupi kwambiri, n'kukavindikira ndi dengu dzuwa likamalowa. Madzi a kumtsinje sankathira nthawi yomweyo, ankayamba wawaika padzuwa kuti afunde. Ankapisa chala m'dothi, likakhala lonyowa osathira. Ndipo chifukwa m'nyumba zathu utsi sutha, m'mawa uliwonse ankapukuta mwaye patsamba lililonse ndi kansanza konyowa, pamwamba ndi pansi pomwe.

Nthawi imeneyo anali akuphunzira za ubatizo. Maphunziro ake ankatenga zaka zinayi, ndipo iye anali atatha ziwiri pamene nkhondo ya Jeremani inatifika kwathu kuno. Amuna anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, ntchito ya tengatenga ija, achimwene anga ali m'gulu lomwelo. Potsazika aTimoteyo anauza Nangozo kuti akadzabatizidwa dzina lake lidzakhale Jesinta. Anapita, ndipo sitinamvenso za iwo.

Nangozo analima yekha, anafolera yekha nkhokwe, kusukulu ya katekisimu osajomba. Mapemphero ankawadziwa kuposa ine amene ndinabatizidwa kale. Chinthu chimodzi chokha ndicho ankachilakalaka pansi pano: kuitanidwa dzina limene mwamuna wake anamusiyira.

Tsono nkhani yoipa ndinayambitsa ndine. Tikusinja pamtondo, ndinati, "Anzanga, munaonapo munthu wosambitsa masamba ngati khanda? Mumphika muja muli kanthu." Ndinangofuna kuti anthu aseke, ndipo anasekadi. Koma mawa lake kumtsinje inali itasanduka yoti Nangozo anamangirira moyo wa mwamuna wake mumphika. Sabata isanathe, ena anali atamumva akuyankhula ndi masamba aja. Simungawadzudzule kwambiri anthuwo. Kwathu chomera chosadyedwa chikalowa m'nyumba, ndiye kuti ndi mankhwala. Zoti munthu angasunge tsamba chifukwa choti ndi lokongola, palibe anali atazimvapo.

Pasaka wa chaka chake chachinayi atayandikira, mphunzitsi wathu wa katekisimu, aRafaelo, anayamba kusonkhanitsa zithumwa, nyanga ndi zingwe za m'chiuno za onse ofuna ubatizo, kuti zitenthedwe pabwalo la sukulu. Sanali munthu woipa aRafaelo, koma ankaopa zonena za anthu. Anafika kwa Nangozo masana, ine ndilipo. Anafukula dothi lija ndi chala, napeza mizu yokhayokha.

"Mulibe kanthu, ndaona," anatero. "Komabe mayi, anthu akulankhula. Bweretsani katenthedwe pamodzi ndi zinazo, nkhani ithe."

"Aphunzitsi, ndifunseni pemphero lililonse," anayankha Nangozo.

"Mapemphero mumawadziwa. Nkhani ndi mphikawu."

Nangozo anakwirira mizu ija pang'onopang'ono. Kenaka anati, "Ndikakaika pamulu paja, ndiye kuti ndavomera kuti aTimoteyo anandibweretsera chithumwa. Limenelo ndi bodza, ndipo eni ake palibe kuti adziyankhire. Ndibatizidwe bodza lili pakamwa?"

ARafaelo anayang'ana kwa ine, poti ndine mlongo wa mwamunayo. Liwu limodzi lokha likanakwana: ndinkangoseka. Koma kuvomera pamaso pa mphunzitsi kuti ndine wamiseche? Ine wolongolola uja ndinangoti zii, maso ali pansi. Dzina la Nangozo linachotsedwa pamndandanda, akuti adikire chaka china.

Tsiku la Pasaka anzake khumi ndi mmodzi anatuluka m'tchalitchi ndi mayina atsopano. Iye anawalulutira pamodzi ndi tonsefe, n'kuthandiza kutunga madzi a alendo. Ine sanandiimbe mlandu. Patapita mwezi anandibweretsera kamphukira kamene kanatuluka pambali pa kachomera kaja, atakabzala m'phale. Manyazi ake! Ndinkakathirira m'mawa, masana ndi madzulo, ngati kuti madzi angatsuke mlandu, ndipo kanaola pasanathe masabata awiri. Atamva anangoti, "Alamu, mwakamwetsa kwambiri."

Mvula ya chaka chomwecho inabwera ndi nthenda ya fuluwenza. Maliro anachuluka mpaka tinaleka kulira mokweza. Tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa nyumba yake ndinasuzumira pakabowo paja, ndipo ndinaona masamba onse atazyolika. Nangozo ali bwino sakanalola zimenezo. Ndinakankha chitseko. Anali gone pamphasa, thupi lili moto, mpweya ukuvuta.

Ndinathamangira kwa aRafaelo, ndinapeza nawonso ali chigonere, osazindikira munthu. Ansembe anali kutali kumishoni, mtsinje wapakati utadzaza. Pobwerera ndinakumbukira zimene tinaphunzira, kuti munthu akakhala pafupi kufa, mkhristu aliyense angathe kumubatiza. Aliyense, ngakhale ine.

Ndinatunga madzi m'chikho n'kugwada pambali pake. 

"Alamu," ndinatero, "nkhani ya mphika ija inachokera kwa ine."

"Ndinkadziwa," anayankha motsitsa. "Thirani."

Ndinamuthira katatu pamphumi, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Nditamaliza sindinadziwe chochita china. Ndinangomugwira dzanja n'kumuitana.

"Jesinta."

Anatsegula maso pang'ono. "Ine," anavomera.

Anatisiya dzuwa lisanapendeke. Zaka zonse zija anadikira dzina limenelo, ndipo anaitanidwa nalo kamodzi kokha, ndi ine.