Bandi ya kuseri kwa chigayo

Nkhani inandipeza ndikuchapa, manja ali m'thovu, chitenje chitanyowa mpaka m'maondo. Linali Loweruka. Mdzukulu wanga wamkazi anatulukira pakona ya nyumba, foni ili m'mwamba, akuti, "Agogo, mverani, achimwene ali pa wailesi." Ndinatchera khutu. Gitalayo ndinaidziwa isanamalize kulira, ndi yomwe ija inkandilanda tulo ta masana. Woulutsa mawu akuti nyimbo yakaleyi achinyamata aifukula, akuifuna, ndipo bandi yake aiitana kukaimba m'tauni pa siteji yaikulu. Ndinaliza nthungululu. Ndinavina ndi thovu langa, ndinavina ndi beseni langa, mpaka nkhuku za aneba zinathawira kuseri.

Mnyamatayo ndinamulera ndine, kuno ku Bangwe, mayi ake ali kuntchito ku Lilongwe. Akukula, m'zaka za m'ma 2000, kunabwera mphepo ya nyimbo zimene anyamata ankati roko. Malaya akuda, tsitsi losapesa, unyolo ngati wa galu ukulendewera m'chiuno. Mbali yathu ino inali ndi mabandi atatu. Ina inali ya pa galaja, ankaimbira pakati pa magalimoto akufa. Ina inali ya kuseri kwa chigayo. Yachitatu ndiye ya mdzukulu wanga, m'kachipinda kanga ka makala, sipika atailumikiza ku batire ya galimoto kuti magetsi akazima ife tisapume. Sitinkazikonda. Ife tinazolowera nyimbo yoti chiuno chiyankhe, kapena yoti mtima ugwade. Izi zinali zongokuwa. Amayi a ku mphakati ankandiuza kuti mwanayu tidzamupempherere.

Kenako mphepo inatembenuka. Anyamata anayamba za pa kompyuta, zoyankhula mothamanga, mabandi aja n'kufa okha. Wanga anakapeza ntchito yowotcherera zitsulo ku Limbe. Ndiye taonani lero, ana a anthu omwe aja ankatseka makutu ndi amene akuti phokosolo ndi lokoma.

Pofika masana pabwalo panga panalibe poponda. Mwini nkhani anabwera ndi ovolosi yake, akumwetulira mwamanyazi, anthu akumukoka uku ndi uku. Amalume ake, mwana wanga woyendetsa minibasi, ndi amene anayambitsa.

"Tinene zoona, anthuni. Pa mabandi atatu aja, yoipitsitsa inali iti?"

"Ya pa galaja," anatero mayi wogulitsa tomato. "Wang'oma wawo ankamenya ngati akuwongola chitseko cha galimoto."

"Ankawongoladi," anayankha makaniko wina amene anali m'bandiyo, tsopano ali ndi dazi ndi mimba. "Ng'oma yake inali chitseko, amayi."

Tinaseka. Amalume aja analoza mphwawo. "Ine ndikuti ya uyu. Ndinasamuka pakhomo pano chifukwa cha iwe, mphwanga. Anthu amati ndinakwatira. Ayi, ndinathawa."

"Nanga mu minibasi mwanu dzulo mumaliza nyimbo ya ndani, amalume?"

"Makasitomala ndiwo amafuna. Ine ndimaika thonje m'makutu."

Apa ndinene za ine. Pa zinkhoswe zonse za mbali ino, woyambitsa nyimbo zonyogodola akuchimuna ndine. Amachita kudzanditenga. Ndikangoona anthu akuseka, pakamwa panga pamayamba pokha, mutu umabwera pambuyo. Tsikulo ndinali nditakhuta chimwemwe, ndipo sindinafune kuti wanga atchulidwenso. Ndinaimirira, ndinatola tsache, ndinaligwira ngati gitala.

"Nonse mwaphonya," ndinatero. "Yoipitsitsa inali ya kuseri kwa chigayo."

Woimba wa bandi imeneyo anali mnyamata wamtali, wogwira ntchito m'chigayomo, tsitsi ndi nsidze zoyera ndi ufa. Mawu ake anali osasa ngati macheka. Anali ndi nyimbo imodzi imene Bangwe yense anaidziwa mosafuna. Ndinapinda khosi monga ankachitira, ndinatseka maso, ndinakoka mawu kuchokera pansi:

Ndatopa, Bangwe, ndatopa,
fumbi lako lili m'mapapo.

Anthu anagwa ndi phwete. Ndinabwereza, iwo akuyankha kuti "tatopa, tatopa." Ndipo popeza mnyamatayo ankatsokomola pakati pa mizere, nanenso ndinatsokomola. Ndinatsokomola mwaluso, ndikugwira pachifuwa, ndikupepesuka ndi tsache langa.

Kuseka kunayamba kuzima kuchokera kumbuyo, ngati moto akauthira madzi. Nditatsegula maso, pageti panaima mayi ake a woimba wa kuchigayo uja, ndowa ya thobwa ili pamutu.

Mayi ameneyu ndi mnzanga wa kutsidya kwa ngalande. Anachokera ku Nsanje ali mtsikana, tinapezana pa mpopi, tinalera ana pamodzi, tikukhala benchi imodzi kutchalitchi. Mwana wake uja anamwalira ndi chifuwa mabandi asanathe n'komwe. Pamaliro pake nyimbo ndinkayambitsa ndine. Sindinganene kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa zonse, koma chimwemwe chinandiphimba kumaso.

Anatula ndowa pang'onopang'ono, osataya ngakhale dontho. "Ndamva nkhani yabwino, achemwali," anatero. "Thobwa ndi ili." Anakonza mpango wake, n'kubwerera.

Tsache linali likadali m'manja mwanga. Mdzukulu wanga wa gitala uja anabwera pafupi, nanena motsitsa kuti ena asamve.

"Agogo, gitala mwaimva pa wailesi ija anandiphunzitsa ndi iyeyo. Zala zanga pa nsambo anaziika ndi iyeyo, akaweruka kuchigayo."

Ndinasiya alendo. Ndinadumpha ngalande ndi miyendo yanga yokalambayi. Ndinampeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinaodira, iye maso ali pa nyemba. Ndinagwada pansi pa simenti.

"Achemwali, ndachita zoipa. Ndilibe ponamizira."

Anapitiriza kusankha. Kamwala uku, nyemba uku. Ndinakhala chogwada mpaka maondo anayamba kuyaka.

"Kutsokomola kuja," anatero osandiyang'ana, "musadzabwerezenso, ngakhale ine nditafa."

"Sindidzabwereza."

Anataya timiyala pabwalo. Kenako anati, "Kaseti yake inali imodzi. Wailesi inaitafuna chaka chomwe chija. Kuchokera pamenepo palibe anandiimbirapo nyimbo imeneyo. Anthu akandiona amasintha nkhani." Anaika lichero pambali. "Inenso ndinkamuletsa. Ndinkamuuza kuti akundichititsa manyazi ku mphakati. Imbaninso, koma bwinobwino."

Ine amene ndaimbira maukwati osawerengeka, ndinaimba mizere iwiri ija chapansipansi, popanda tsache, popanda woyankha. Apa m'pamene ndinamva zimene nyimboyo inkanena. Zaka zonsezo ndinkangomva phokoso, osadziwa kuti mwana akutiuza kuti akudwala.

"Pothera paja sankatsitsa," anatero. "Ankakweza, mpaka mawu kuduka."

Ndinaimbanso, ndikukweza. Anagwedeza mutu movomereza. Sanalire, ine ndi amene ndinalira. Sananene kuti wandikhululukira, nanenso sindinafunse.

"Pitani, alendo akudikira. Ndowa mubweze mawa."

Thobwa lake tinamwa, linali lokoma. Mtsutso wa mabandi unathera pomwepo. M'mawa mwake ndinabweza ndowa nditaikamo mtedza, poti chiwiya cha mnzako sichibwerera chopanda kanthu. Anailandira ndi manja awiri. Anati, "Mukamuuze mdzukulu wanuyo, ngati nyimbo ija akuikumbukira yonse, akaiimbe m'tauni kumeneko." Anakaiimbadi. Ife awiri sitinapite, phokoso lake sitingalithe. Tinaonera pa foni ya mdzukulu wanga wamkazi, titakhala pakhonde pake, ana a m'tauni akudumpha ndi kukuwa kuti atopa, atopa, chonsecho fumbi la chigayo sanalilawepo.

Tikukhalabe benchi imodzi kutchalitchi. Koma pali kanthu kamene sikanabwerere. Kale ndikayambitsa nyimbo yonyogodola pa chinkhoswe, woyamba kuyankha anali iye. Masiku ano amangoomba m'manja. Ndipo ine ndisanatsegule pakamwa, ndimayamba ndayang'ana kugeti.

Komabe linali tsiku la chimwemwe, ndipo amene anabwera ndiwatchule. Anabwera mwana wanga wa minibasi ndi mkazi wake ndi ana awo. Anabwera makaniko wadazi ndi wang'oma wake wa chitseko. Anabwera mayi wa tomato, anabwera mayi wa makala, anabwera atsogoleri a mphakati omwe aja ankafuna kumupempherera. Anabwera aphunzitsi ake a ku pulayimale ndi ndodo yawo. Anabwera alamu anga kuchokera ku Machinjiri, fumbi lili m'mapazi. Anabwera mchemwali wanga wa ku Nancholi, anabwera anyamata owotcherera a ku Limbe, anabwera ana a aneba amene sindiwadziwa ndi eni ake omwe. Mayi ake a mdzukulu wanga anabwera pa foni, akulira ali ku Lilongwe. Ndipo anabwera mnzanga wa kutsidya kwa ngalande, ndowa ili pamutu, kudzasangalala nane.