Diresi la mkanjo wa bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chotsatira njala yaikulu ija, pamene ndinakana kuvula diresi pakhomo pa tchalitchi. Mpaka lero sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.

Bambo anga anali Msilamu, msodzi wa ku Lifuwu. Mphepo ya mwera itagubuduza bwato lawo n'kuwamiza, amayi anabwerera nane kwawo kwa Maganga, komwe abale onse anali Akhristu. Tinanyamula mphasa, mphika umodzi ndi mkanjo woyera umene bambo ankavala Lachisanu lokha. Pakhosi pake panali timaluwa ta ulusi, ndipo ngakhale tinauchapa kangapo, unkamvekabe kafungo ka utsi wa nsomba.

Kalasi ya ubatizo ankatiphunzitsa a Mbewe, munthu wowonda amene anatolako timawu ta Chigiriki kusukulu ya aphunzitsi, ndipo tsiku silinkatha asanatidyetseko kamodzi. Tsiku lina analemba pabolodi: himatiyoni.

“Ichi ndi chofunda chakunja,” anatero. “Mmphawi ankayenda nacho masana, pogona n'kufunda chomwecho. Akatulukira patali, anthu ankamudziwa ndi chofundacho nkhope isanaoneke. Mayi wodwala wa m'Baibulo uja sanagwire dzanja la Ambuye ayi. Anangokhudza m'mphepete mwa chofunda chawo, n'kuchira.”

Anzanga ankasinza. Ine ndinkaona bambo akuchokera kumzikiti, mkanjo ukuyera patali pamchenga, ine n'kumathamanga kukawachingamira.

Lamulo linali lakuti wobatizidwa avale zoyera, ndipo nsalu yakusitolo ifeyo sitikanaitha. Amayi anatenga mkanjo uja n'kuyenda nawo wapansi mpaka ku Lifuwu kwa bambo anga aang'ono, a Saidi, amene anali telala. Iwowo anadziwa kuti diresilo ndi lokabatizira. Anautambasula mkanjowo, kenako anati, “Mwana wa achimwene asakaime ndi nsanza pamaso pa Mulungu. Ndisoka, mlamu. Koma pakhosipa sindidulapo.”

Abusa ankafika kwathu kamodzi pachaka. Mmawa wa tsiku la ubatizo mayi Nabanda, amene ankayang'anira atsikana, anatindandalika panja n'kumationa zikhadabo ndi maduku. Atafika pa ine anatsina timaluwa tija ndi zala ziwiri ngati atola mphemvu.

“Izi n'zachisilamu izi. Pita kuseri ukavule, ndikubwereka nsalu yanga.”

“Sindivula, mayi. Ndi himatiyoni ya bambo anga.”

Atsikana anaseka chikhakhali. Mayi Nabanda anandipotokola khutu. “Mwano pa tsiku ngati lino? Usankhe wekha, diresi kapena ubatizo.”

Ndinayang'ana a Mbewe, mwini mawu aja. Iwo anayang'ana nsapato zawo. Pamenepo mtima unandiwira, ndinatuluka pamzere n'kulowera njira yakumudzi, nyimbo yoyamba ikuyambika kumbuyo kwanga.

Musaganize kuti zinali zophweka. Ubatizo ndinkaufuna ndi mtima wonse, zaka ziwiri ndikuloweza mafunso ndi mayankho. Amayi anali atapha nkhuku yathu imodzi yokhayo, thobwa lili mumtsuko. Anandipeza m'munda wa chinangwa n'kundikwapula ndi kamtengo, akulira, inenso ndikulira. Atatopa anakhala pansi, n'kuyamba kundichotsa zisoso pa diresilo chimodzichimodzi.

Chaka chinacho ndinali nditatalika. A Saidi analumikiza kunsi ndi chidutswa cha thumba la ufa, ndipo ndinapitanso nalo lomwelo, mutu uli m'mwamba. Mayi Nabanda atangotsegula pakamwa, a Mbewe anabwera n'kuima pambali panga. Anati: “Mayi, mwanayu ndinamuphunzitsa ndine. Akabwerera iyeyu, choko ndikusiyirani.” Anandiperekeza okha mpaka kutsogolo. Abusa sanayang'ane n'komwe pakhosi. Madzi anatsika pamphumi, anadutsa patsaya, n'kukanyowetsa timaluwa tija.

Tsopano ndakalamba, ndipo ndimamvetsa chimene ndinkamenyera ndisanathe kuchitchula. Mayi Nabanda sankandiuza kuti ndivule nsalu. Ankandiuza kuti ndisiye bambo anga kuseri kwa tchalitchi ndisanalowe, ngati Mulungu sankawadziwa. Diresilo linatha kalekale, koma pakhosi paja ndinadulapo ndekha kachidutswa n'kukasunga m'bokosi. Ana anga ndinawauza kale kuti tsiku langa likadzafika adzandiike nako pachifuwa, ndipo wofuna kudzakachotsa adzayambe wandidzutsa.