Matumba a Miyala Ochokera ku Simonga

Ba Mukelabai ndakhala nawo moyandikana m'dera la Nottie Broadie kwa zaka zambiri. Ntchito yawo inali yofukula zinthu zakale, makamaka miyala imene anthu amakedzana ankasema kuti ikhale mipeni ndi nkhwangwa, chitsulo chisanadziwike. Anabadwira ku Maramba, mwana wa telala. Anayambira ku miziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, kutsuka miyala imene ena afukula, kenako anapita kukaphunzira n'kubwerako ndi digiri. Zimene analemba za miyala ya m'mbali mwa Zambezi zimawerengedwa m'mayunivesite, koma pamsika wa Maramba amangowatchula kuti Ba Miyala.

Ndi munthu wosapupuluma. Akaona mwala sankautola msanga. Ankayamba ayeza kuya kwa pamene wagona, kuujambula, ndi kuona dothi limene laukuta. Ankati dothilo ndi limene limanena zaka za mwala, ndipo mwala wochotsedwa usanayezedwe suuzanso munthu kanthu. Onse amene anawaphunzitsa anatengera khalidweli. Mmodzi wa iwo, Choolwe, amene tsopano akuphunzitsa ku Lusaka, salola wophunzira kukhudza chinthu asanachijambule.

Atapuma pantchito maso awo anayamba kuchita khungu. Anali atatsala ndi malo amodzi amene ankafunitsitsa kumaliza. Ku Simonga madzi anakumba chigwembe n'kuonetsa miyala yosemedwa yambiri, pamodzi ndi tizibenthu take, zili momwe eni ake anazisiyira. Ba Mukelabai ankakhulupirira kuti pamenepo ndi pamene anthu aja ankakhala posema. Ankati akapayeza bwino n'kulemba, ntchito yawo idzakhala yatha.

Pafupi ndi chigwembecho panali amayi ophwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Wamkulu wawo anali Lonah, mayi wa mawu ambiri. Ba Mukelabai anakhala nawo pansi n'kuwaonetsa kusiyana kwa mwala wamba ndi wosemedwa, kuti asauphwanye. Amayiwo anagwira msanga. Kenako nthawi ya opaleshoni ya maso inakwana, ndipo anapita ku Lusaka.

Chaka chimenecho mvula inafulumira.

Atabwerako, ndinali nawo pakhonde pamene ngolo ya ng'ombe inaima pageti. Amayi aja anatsitsa matumba odzaza n'kuwakokera pabwalo.

"Ba Miyala, tabwera na katundu yanu!" anafuula Lonah. "Mvula yenze ifuna kutenga vonse. Tasankha umozi-umozi, palibe wasala."

"Na kusuka tasuka," anatero mnzake Monde. "Na sopo. Osati ija yanu yamadothi monga mbatata."

"Imwe, olo mwamuna wanga sin'namusambikepo so," anatero Lonah, ndipo onse anaseka.

Ba Mukelabai anamasula thumba limodzi. Anatulutsa mwala wonga mtima wa ng'ombe, wosongoka bwino, woyera ngati mbale. Anautembenuza kangapo.

"Kuja kwasala chani?" anafunsa.

"Kulibe. Tinapyanga na kupyanga na tsache," anayankha Lonah.

Ba Mukelabai anabwezera mwalawo m'thumba. Kenako anaitana akazi awo, Ba Namakau, kuti aphikire alendo tiyi. Amayiwo anamwa, anacheza, napita akusangalala.

Patapita masiku anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Simonga. Chigwembe tinachipeza chili mbee, mizere ya tsache ikuonekabe m'mbali momwe mvula sinafike. Lonah anasiya hamala yake n'kubwera akupukuta manja pachitenje, akudikira kuyamikiridwa. Ba Mukelabai anamuyamikadi. Kenako ananjuta, natapa dothi m'dzanja, n'kumufotokozera pang'onopang'ono chimene dothi limanena, ndi chifukwa chake mwala uyenera kuyezedwa uli pamalo pake.

Lonah anagwira pakamwa.

"Ndiye taononga?"

"Munachita na mtima wabwino, amayi. Ine ndine sin'nakambe vonse."

Ndinkayesa kuti alira. Koma anakalipa.

"Nanga munalekela chani kukamba? Imwe bophunzila muli so. Mutiuza hafu, hafu musunga mu mutu. Ise misana inatipweteka, mvula itiloka, kuti ba tate basalile!"

"Ni zoona," anayankha Ba Mukelabai.

"Ni zoona chabe? Tengani hamala muphwanyeko, mumve mwamene imvekela."

Anaitengadi. Anakhala pa chidebe, munthu wa imvi uja, n'kumenya mwala wamba mpaka unasweka. Amayi aja anaseka kumenya kwawo, ndipo Lonah nayenso anaseka, ngakhale kuti sanafune.

Za malo a ku Simonga sanalembe. Anati sangalembe zimene sanayeze. Matumba aja anawapereka kuti ophunzira azigwira miyalayo pophunzira kasemedwe kake, ndipo papepala lomata pa thumba lililonse analemba okha kuti malo enieni a mwala uliwonse sakudziwika.