Tsiku limene ndinaimbira apongozi

Ine sukulu ndinalekera pa a e i o u, koma nyimbo ayi, nyimbo ndili nazo zodzaza nkhokwe. Izi ndikuimba mumtima, dzanja likungotsatira.

Mzime wanga anakwatiwa n'kupita ku Joni, ndipo mimba yake yoyamba inavuta. M'mawa wina uthenga unafika kuti akukamuchita opaleshoni, mwamuna wake akufuna ndikhale pafupi, ngakhale pamawu pokha. Kafoni kanga n'kamabatani, za kunja sikazidziwa. Ndinathamangira pa Mtakataka, kukashopu ka mayi wina wa fotokope, amene ali ndi kompyuta ndi kabokosi ka intaneti kothwanima timagetsi.

Anandilumikiza, mawu a mkamwini wanga n'kumveka. Ndinatembenukira kukhoma, poti kwathu kuno mpongozi suyang'anizana naye, sucheza naye ngati mnzako. Anandipatsa moni, nati mwana wanga alowa naye kale ku opaleshoni, iwo ali pabenchi panja. Ndinati zikomo. Basi, iwo zii, ine zii.

Tinakhala, tinakhala. Chete ameneyu ndi ulemu, kapena akusowa poyambira kundiuza zoipa? Nditalephera kupirira ndinafunsa kuti kwagwanji. Palibe yankho. Pagalasi pankaoneka ngati tikadalumikizana, chonsecho zinali zitaduka kalekale.

Mayi uja anaimbanso, foni inalira, inalira, asanayankhe. Moni, ulemu, zii, kudukanso. Mayiyo anati mwina ndi netiweki, nanyamula kabokosi kukaika pazenera. Chimodzimodzi. Anasintha chingwe, anazimitsa n'kuyatsanso. Chimodzimodzi. Mkamwini anadandaula kuti batire ikutha, anamwino nawonso akumuyang'ana moipa foni ikamalira, ikadukanso mwina sayankha.

Apo mayiyo anandiyang'anitsitsa, nafunsa ngati inadukapo tikulankhula. Ndinati ayi, imaduka tikakhala chete. Anandifotokozera kuti m'kabokosimo muli ngati mlonda, amasiya khomo lotsegula pokhapokha pakudutsa kanthu. Makina akamva zii amaleka kutumiza, mlonda amadikira kanthawi, n'kuyesa anthu apita, n'kutseka osauza munthu. Wodziwa kumusintha mlondayo anali kutali, ku boma ku Dedza.

"Agogo, pakamwa pasatseke. Chilichonse, bola chizimveka."

"Kwa apongozi? Ndinene chiyani ine kwa apongozi?"

"Ndiye imbani. Nyimbo ilibe mpongozi."

Ndinayamba ya kutchalitchi. Itatha ndinalowa ya pamtondo, kenako yotonthoza mwana, kenako ina yolaula ya kudimba yomwe sindikadayenera kuimba mkamwini akumva. Odzajambulitsa mapepala anaima pakhomo, osalowa. Kukhosi kunauma gwa. Ndikati ndimeze mate, mayiyo ankagogoda patebulo kuti khomo lisatsekedwe, ine n'kutola nyimbo pomwe ndaisiya. Zitatha zonse ndinayamba kupeka, ndikuitana mwana wanga, bwera, bwera, usandisiye ndi nyimbo m'kamwa.

Pakati pa nyimbo ndinamva chitseko kutsidyako, mapazi, mawu a chilankhulo chachilendo. Ndinapitiriza motsitsa, misozi ikulowa m'kamwa.

"Amayi," anatero mkamwini, mawu atasasa, "tadikirani pang'ono. Watsitsimuka. Ali bwino onse awiri. Ndi wamkazi."

Kudikira? Sindinadikire ayi. Ndinaluluta, ndinavina pakati pa mapepala a eni ake, ndinaimbabe, ndinaimbabe, mpaka anamwino anamulola mkamwini kulowa, iye naika foni pakhutu pa mzime wanga. Kamawu kake kanabwera kofooka, kakuseka:

"Amayi, mwasokosera chipatala chonse."