Pumbwa wa M'dimba la a Anna

A Anna a ku Sinda anachita khungu mu 1973, koma khasu sanalitaye. M'mamawa uliwonse ankatsikira okha kudimba, ndodo patsogolo, mtsuko pamutu. Ife anansi tinkadabwa kuti kanjira kokhotakhota ka m'mabango kaja amakadziwa bwanji, mpaka anandiululira tsiku lina tikusenda nshawa. Panali pumbwa wina amene ankaimba mumtengo wa gwafa polowera m'dimbamo, mawu ake ozuna ngati chitoliro. Iwo ankangolondola nyimboyo.

Amuna awo, a Zakeyo, sankazidziwa zimenezi. Chimene ankaona iwo ndi matimati obooka ndi tsabola wothothoka. Anakagoma utomoni wa kachere, naphika ulimbo, nautchera panthambi ya gwafayo.

M'mawa mwake kudimba kunali zii. A Anna anasokera m'mabango, nagwera m'matope a kukhwawa, mtsuko n'kusweka. A Zakeyo atawavuula analamula kuti azikhala pakhonde, kudimba asakapondenso. Pofuna kuwapepesa anawaika m'manja kambalame kamoyo kali ulimbo wokhawokha, nati ndiwo za lero ndi mbala ya matimati ija.

A Anna anakapapasa kumutu, napeza katsumba.

"Abambo a Yohane, mwandikolera maso anga pa ulimbo."

"Maso ati, mayi? Kambalame kosadzaza n'komwe pakamwa?"

"Pakamwa panupo. Ine kamandifikitsa kudimba, chimene njinga yanu sinachitepo."

A Anna anaitanitsa nshawa zouma, natafuna, nayamba kupaka mafuta ake panthenga, imodziimodzi, mpaka ulimbo wonse unamatuka. Dzuwa linafika paliwombo akadali pantchitoyo. Atatha anauza amuna awo, amene anali atangoti zyoli, kuti akakasiye pomwe anakatenga.

Masiku atatu a Anna anakhala pakhonde osadandaula. Ndikawafunsa ankati pumbwa angakwiye bwanji, tsabola sangamusiye. Tsiku lachinayi ndinawaona akudutsa kuseri kwa nkhokwe yanga ndi mtsuko watsopano, khutu atalitchera kumabango, ndodo ikungokhudza pansi mwa apo ndi apo.

A Zakeyo anabzala mzere wa tsabola pansi pa gwafa uja, ndipo sanathyolepo ngakhale m'modzi. A Anna anayenda njirayo zaka khumi ndi chimodzi. Kaya woimbayo anali yemwe uja kaya zidzukulu zake, iwo ankangoti ndi pumbwa wawo.