Bere la Akulu Anga Lili M'njira

Akulu anga atabwerako kuchipatala ku Tete, kumene anawachotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa, analeka kutuluka pakhomo. Bala linapola bwino. Ankadya, ankasesa, koma kumsika ayi, kumjigo ayi, ndipo za kutchalitchi, kumene anakhala akuyambitsa nyimbo kwa zaka zambiri, sankafuna n'kumva komwe. Anandilumbiritsa kuti tiziuza anthu kuti anawang'amba m'mimba. Amayi a kwaya akabwera kudzazonda, iwo ankafunda zitenje ziwiri n'kupinda mkono pachifuwa ngati munthu wamalungo.

Tinayesa kuika nsanza m'kamisolo, koma akangowerama zinkathawira m'khosi. Tinasoka kathumba ka mapira. Kulemera kwake kunali bwino, koma kankawayabwa pachipsera, ndipo pasanathe mwezi anankafumbwe analowamo. Anakakhuthulira nkhuku, ndipo ine ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Ndine mphunzitsi ku Nsadzo, ndipo telefoni yanga imalowa pa intaneti ndikaima kuseri kwa sukulu kumene redi, ndiye kuti netiweki, imagwira. Kumeneko ndi kumene ndinaona kuti kuli mabere ochita kupanga, ofewa, oika m'kamisolo, ogulitsidwa ku China. Mtengo wake sunandiopse. Chinandiimitsa mutu ndi mtengo wotumizira, chifukwa anaika iwiri. Wachangu unkafuna mbuzi yathunthu, kuposa mtengo wa bere lenilenilo. Wapang'onopang'ono unali wochepa zedi, ndipo analonjeza mwezi umodzi. Ndivomere, ine dzanja langa ndi louma. Ndinasankha wachiwiriwo n'kudziuza kuti mwezi si chaka.

Kenaka wogulitsa anafunsa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Ndinaseka ndekha. Kwathu munthu amauzidwa kuti akapitirira mjigo afunse. Mnzanga wina anandipatsa nambala ya bambo wa ku Tete amene ntchito yake ndi kulandirira anthu maenkomenda, katundu wotumizidwa ngati ameneyu, n'kuwakweza shapa, minibasi yopita kumalire. Bamboyo anati shapa siimira munthu wosaoneka, pafunika wina wokhala ndi loja, kasitolo, m'mbali mwa msewu kumalireko ku Cassacatiza woti alandire. Ife kumeneko tinali ndi munthu mmodzi yekha, alamu athu, mkazi wa malemu msuweni wathu. Alamuwo ndi munthu wabwino, koma nkhani ikalowa m'loja mwawo m'mawa, pofika masana yaoloka kale ku Zambia yopanda pasipoti. Ndinapereka dzina lawo ndikudzilimbitsa mtima kuti bokosi limabwera lomata.

Wogulitsa ananditumizira kodigu, mzere wautali wa manambala woti ndiziona nawo pamene katundu wafika. Masiku oyamba zinkayenda. Lero wachoka m'sitolo, mawa ali mumzinda wina umene lilime langa linkakana kuutchula. Ndikaweruka, akulu anga ankandidikira pakhomo la khitchini n'kufunsa chonong'ona kuti kanthu kaja kafika pati. Kenaka telefoni inalemba mawu awiri a Chipwitikizi, "Em trânsito," kutanthauza kuti ali m'njira, ndipo inaima pomwepo. Sabata inatha, yachiwiri, yachitatu. Mamega anga ankathera kuyang'ana mawu omwewo.

Ndinaimbira bambo wa ku Tete uja nditapsa mtima, ndipo ndinamuuza kuti ngati ndi kuba angonena. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa. Kenaka anandifunsa ngati ndinakwerapo shapa imene inanyamuka ndi anthu atatu. Anati katundu wotchipa ndi chimodzimodzi, amadikira anzake mpaka thumba lidzaze, ndiye thumbalo lidikirenso malo m'ndege pambuyo pa amene analipira zambiri. Anatinso telefoni siona katundu akuyenda, imangodziwa pamene munthu wamugwira n'kumuwalitsa ndi kamakina, choncho ikakhala chete sindiye kuti watayika. Ndinapepesa, koma manyazi anandigwira, chifukwa amene anakweza bere la akulu anga shapa yosadzaza ndinali ine.

Madzulo ake ndinawaululira zonse, za mbuzi ija ndi kuuma dzanja kwanga. Ndinkayembekeza kuti akwiya. Iwo anapitiriza kutongola chimanga, n'kuti, "Ngati ndi shapa lidzafika. Mbuzi ikanandipweteka mtima kuposa."

Kuyambira tsiku limenelo analeka kunena kuti kanthu kaja. Ankafunsa poyera, tikakhala awiri, kuti bere lawo lagona kuti lero. Ankadandaula kuti likuona maiko pamene mwini wake sanapitirirepo Tete. Ankati likadzafika lidzakhala likunyada, lolankhula Chitchaina. Chibwerere kuchipatala tinali tisanatchulepo mawu akuti bere m'nyumba muja, koma tsopano tinkawatchula tsiku lililonse. Tsiku lina tikuseka choncho anavula bulauzi n'kundionetsa chipsera, mzere wautali wokafika kukhwapa. Anatenga dzanja langa n'kuliika pomwepo. Sindinawaonepo akulu anga aang'ono chotero, ndipo sindinawakondepo chotero.

Chisanu chinatha, mphepo ya Ogasiti inadutsa. Miyezi iwiri itakwana telefoni inadzuka n'kunena kuti katundu ali ku Maputo, ku alifandega, kumene amalipiritsa msonkho wa zolowa m'dziko. Anakhalanso kumeneko masabata awiri. Ndinalipira msonkhowo ndikung'ung'udza, pakuti sindinkadziwa kuti chinthu chimodzi umachilipirira pochigula, pochikweza, pochilowetsa, ndiye shapa idakali kutsogolo. Koma chimene chinandiopsa kwambiri ndi china. Bambo wa ku Tete ananena mongodutsa kuti pabokosi pamakhala kapepala konena chimene chili m'kati, ndipo a msonkho akatsegula amamata kawo ka Chipwitikizi. Alamu athu Chipwitikizi amachiwerenga kuposa ine. Akulu anga sindinawauze. Ndinkangoganiza kuti nkhani ikatuluka, bere lidzafika koma iwo sadzatulukanso m'nyumba mpaka imfa.

Lachitatu lina telefoni inalemba kuti katundu waperekedwa. Ndinathamanga n'choko m'manja, kenaka ndinazindikira kuti waperekedwa ku Tete, osati kwa ife. Apo ndi pamene maso a telefoni ankathera. Bamboyo anati akweza bokosi Lachisanu, ndipo ine ndinakonza zolawirira Loweruka kuti ndikalilande lisanagone m'loja.

Sindinafike Loweruka. Lachisanu lomwelo dzuwa litapendeka, kukutentha kwa Okutobala, mota, njinga yamoto, inaima pabwalo. Anatsika alamu athu, fumbi mpaka m'nsidze, atabereka chinthu kumbuyo n'kuchifunditsa chitenje. Amayi oyandikana nafe anafunsa kuti mwanayo ndi wa yani. Iwo anayankha kuti ndi mdzukulu ndipo wagona, asamudzutse. Anapitirira mpaka kuchipinda kwa akulu anga osaima ngakhale kulandira moni, zimene sanachitepo chibadwire.

Anamasula chitenje n'kuika bokosi pamphasa. Pamwamba pake panali popalidwa ndi mpeni, mapepala onse atachotsedwa. Akulu anga anayang'ana bokosi, anayang'ana alamu, kenaka anandiyang'ana ine, ndipo mkono wawo unakwera wokha pachifuwa.

"Ndawerenga, mlamu, sindikunamizani," anatero alamuwo. "Kapepalako ndakatentha. Loja ndatseka, kuti lisadutse m'manja mwa wina. Pakamwa panga mumapadziwa, koma izi ndifa nazo."

Akulu anga anatsitsa mkono uja pang'onopang'ono. Kenaka anauza alamuwo kuti atseke chitseko, asatuluke, athandize kumanga.

Tinatsegula atatu. Linali lozizira, lolemera bwino, lokulungidwa m'kansalu kofewa. Tinaliika m'kamisolo, ine ndikukoka zingwe kumbuyo, alamu atagwira kalilole wosweka pakona. Akulu anga anavala bulauzi yoyera ya kwaya, anatembenukira uku ndi uku, anawerama, anaweramuka. Silinasunthe. Koma linaima njo, pamene linzake, limene linayamwitsa ana asanu ndi mmodzi, linali litagona kalekale.

"Iwe," anandiitana, "wandigulira la namwali."

Alamu anaseka mpaka kukhala pansi, kalilole ali m'manja. Ine ndinayamba kupepesa kuti mwina ndinalakwitsa muyeso, koma akulu anga ankaseka misozi ili mbwembwembwe, n'kumati linzakelo lingophunzira ulemu, mlendo wachokera kutali. Tinakweza chingwe cha kumanja, tinatsitsa cha kumanzere, mpaka awiriwo anagwirizana pang'ono.

Lamulungu anadzuka ine ndisanadzuke. Tinayenda limodzi, iwo patsogolo, chitenje chimodzi chokha m'chiuno. Pakhomo la tchalitchi anaima pang'ono, kenaka analowa. Amayi a kwaya anasendera pabenchi popanda wofunsa kanthu. Itafika nthawi ya nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu, woimba ng'oma anawayang'ana n'kudikira. Mawu awo anatuluka okhwinyata, ananjenjemera pa mzere woyamba, amayi anawalandira. Pa mzere wachiwiri anakweza manja onse awiri. Dzanja lakumanzere linangofika paphewa, chifukwa chipsera chinkakokabe, koma analisiya m'mwamba momwemo mpaka nyimbo inatha.