Kapu yobiriwira ya Amayi

Mwaswera bwanji nonse.

Tangobwera kumene ku kiliniki ndi Atate. Sabata yonseyi akhala akukana chakudya kuti m'kamwa mukuwawa. Lero nditawasuzumira, lilime lonse mbuu, ngati mkaka wogona. Ndinangoti tiyeni, tikakwere kombi.

Anesi akuti ndi kapampu kawo ka mphumu kaja. Mankhwala ake akamatsalira m'kamwa amayambitsa zoyerazi. Awapatsa mankhwala odonthezera m'kamwa. Kupopa asasiye, koma akapopa azitsukuluza m'kamwa n'kulavula.

Tili m'njira ndi pomwe Atate anati, "Mayi ako ankandipatsa madzi."

Mukuikumbukira kapu yachitsulo yobiriwira ija? M'mawa uliwonse Atate akapopa, asananyamuke kupita ku ntchito ku Belmont, Amayi ankaima nayo pakhomo. "Lavulani, bambo a Tisa, musameze!" Ife tinkaseka, kumati akuwasandutsa mwana. Chimwalirireni Amayi, palibe anawapatsako madziwo.

Kapuyo ndaipeza kuseri kwa mbale, ndaitsuka. Koma ine ndimalawira ku ntchito Atate asanadzuke. Inu amene muli pafupi ku Tshabalala kuno, mukuti bwanji? Ndani aziima pakhomo paja?